Siketi ya lasitiki pa chitenje chimodzi, olo magetsi atazima

Ambiri a ife kuno ku Harare tili ndi zitenje zongodzaza mu sutikesi, zina anatitumizira achibale pa basi ija yodzera ku Mwanza, Tete mpaka kulowa pa Nyamapanda, zina za pa ukwati, zina za ku tchalitchi, koma tikafuna siketi timathamangira ku Mupedzanhamo kukafukula kaunjika. Chonsecho chitenje chimodzi chimatulutsa siketi yabwinobwino ndipo kansalu kamatsalako. Kwa munthu amene akungoyamba kusoka ine ndimati yambani ndi imeneyi, ilibe zipi, ilibe batani, sifuna pateni ya pepala, msoko waukulu ndi umodzi basi.

Mukhale ndi chitenje chathonje cha mamita 2, lasitiki wotambalala masentimita 3, ulusi, tepi yoyezera, sizasi yakuthwa (osati ija ana amadulira mapepala a kusukulu), mapini, sefiti pini imodzi yaikulu ndi simbi. Choko cha atelala ngati mulibe, kachidutswa ka sopo kotsala kowuma kamalemba bwinobwino pa nsalu ndipo mukachapa kamachoka. Lasitiki ndi ulusi zimapezeka mmashopu a nsalu aja a kumunsi kwa tawuni, koma lasitiki mumukoke kaye musanalipire, wina amakhala wagonera pa shelefu nde ukamukoka sabwerera.

Musanakhudze sizasi, chapani chitenjecho. Apa mpomwe anthu ambiri amathamanga. Thonje limafupika likalowa mmadzi koyamba, nde mukasoka chisanachapidwe siketi imakwana lero, mawa mwachapa yakwera. Muchape pachokha chifukwa zina zimachucha utoto, muyanike pamthunzi, dzuwa la Okutobala la kuno limasulutsa nsalu msanga. Chikauma musite mpaka makwinya onse athe, kaya ndi simbi yamagetsi kaya yamakala zonse ndi chimodzimodzi bola yamakalayo muyambe mwayesa pa kansanza kuti isakuthireni phulusa.

Tsopano kuyeza. Miyezo ndi itatu: chiuno pomwe mukufuna siketi izikhala, mahipi pamalo potambalala kwambiri, ndi kutalika kuchokera mchiuno mpaka pomwe mukufuna ithere. Tepi isafinye thupi, ndipo musadzinamize pokoka mimba mkati, siketiyo mudzavalanso mutakhuta nsima. Muyezo wa mahipi muuchulukitse ndi 1.5, tinene mahipi ndi masentimita 100 nde mudula nsalu ya 150. Ena amangowonjezera 15 kapena 20 kuti siketi igwire thupi, zimaoneka bwino pa chithunzi koma ikakhala yaitali mudzavutika pokwera kombi pa Copacabana anthu akukankhana kumbuyo kwanu, ndipo mudzafunika kusiya mpata wong'ambika kumbuyo womwe ndi ntchito ina. Poyamba tengani ya 1.5 yomweyo.

Nsalu izungulire thupi mmene timavalira chitenje masiku onse, kutanthauza kuti mbali yaitali ija ndi imene ikuzungulira mchiuno. Ubwino wake ngwakuti mphepete mwa chitenje momwe anamaliza kale ku fakitale mumakhala kumunsi kwa siketi, simuyoyoka ulusi, nde mpendero wakumunsi mutha osasoka nkomwe. Ngati mphepetemo munalembedwa dzina la kampani mungopinda kamodzi nkusoka. Kutalika muyeze kuchokera kumunsiko kukwera mmwamba, ndipo muwonjezere masentimita 5 a kanjira ka lasitiki, ngati mukufuna siketi ya 80 mudule 85. Chitenje chimakhala chotambalala pafupifupi 110 mpaka 115, nde kachidutswa kotsala kumtunda kaja kamakwana duku kapena matumba. Komanso yang'anani maluwawo musanadule, pali zitenje za mbalame, za nyumba, za nkhope za anthu, zisaime chadodolido.

Pa makina, ine ndimakonda apamanja aja akuda, kaya Singer kaya Butterfly, amene ambiri anasiya agogo athu mmanyumba a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose ndipo pano angokhala poikapo maluwa. Magetsi akapita inu mukusokabe. Ngati akhala nthawi yaitali osagwira ntchito, tsegulani kachitsulo ka pansi pa singano muchotse thonje lomwe launjikana pa mano okoka nsalu aja ndi kamswachi kakale, kenako mudontheze mafuta a makina osokera dontho limodzilimodzi paliponse pomwe chitsulo chikukhudzana ndi chinzake. Mafuta ophikira ayi chonde, amauma nkukhala ngati phula ndipo makina amalimba mpaka kufuna mmisiri. Singano ikhale yatsopano, nambala 14 (pa paketi amalemba 90/14) ndi imene imayenda bwino pa chitenje, 16 ndi ya majinzi. Singano ya makina ili ndi mbali imodzi yaphwatalala, musanachotse yakale onetsetsani kuti mbaliyo yayang'ana kuti chifukwa makina amasiyana, mukaiika chozondoka imalumpha masitichi kapena osatola nkomwe ulusi wapansi wa pa bobini (kokulungapo ulusi komwe kamakhala kunsi kwa singano). Polowetsa ulusi phazi la makina (kachitsulo kopanikiza nsalu) likhale mmwamba, ndipo wilo lija lizizungulira kubwera kwa inu nthawi zonse. Yesani kaye pa kansalu kotsala. Mukaona ulusi wapanga mapiringidzo kunsi kwa nsalu musalimbane ndi bobini, nthawi zambiri vuto limakhala ulusi wapamwamba, uchotseni wonse mulowetsenso bwinobwino.

Msoko wakumbuyo tiusoka kawiri kuti mkati mukhale mwaukhondo popeza ambirife tilibe makina a ovaloko omangira mphepete mwa nsalu kuti musayoyoke. Zimamveka zachilendo koma tsatirani. Gwirizanitsani mbali ziwiri zazifupi zija kumaso kwa nsalu kuli kunja, ngati mmene siketi idzaonekere itavalidwa, musoke theka la sentimita kuchokera mmphepete. Dulani tiulusi tolendewera, sitani, tembenuzani siketi kuti kumaso kukhale mkati, sitaninso msokowo uthyoke bwino, nde musokenso sentimita imodzi kuchokera mmphepete. Mphepete moyoyoka muja mwatsekeredwa mkati, olo muchape kangati simudzaona ulusi ukutuluka. Zitenje zina mbali zonse zimafanana, lembani kachizindikiro ndi sopo uja kumbali yomwe mwasankha kuti ndi mkati kuti musasokonezeke.

Dzanja lamanja likupukusa, lamanzere likungowongolera nsalu, osakoka. Mano a makina amakoka okha, inu mukamathandizira singano imapindika kapena kuthyoka. Makina ena akale alibe chobwerera mmbuyo, nde kumapeto siyani singano ili mu nsalu, kwezani phazi, tembenuzani nsalu musoke masitichi angapo pamwamba pa omwewo, kapena mungomanga ulusi ndi manja. Amene alibiretu makina asadandaule, msoko womwewu umatheka ndi singano yapamanja, mukamasoka muzibwerera mmbuyo pang'ono pa sitichi iliyonse kuti ulimbe, zimangotenga madzulo awiri mmalo mwa amodzi.

Kanjira ka lasitiki nde pamafunika simbi kwambiri kuposa makina. Kumtunda kwa siketi pindirani mkati sentimita imodzi, sitani kuzungulira konse, pindaninso masentimita 4, sitaninso, kenako mapini. Mukasita bwino nsalu imagona yokha ndipo msoko umawongoka olo dzanja lanu lisanazolowere, mukachita ulesi apa mzere umayenda mokhotakhota ndipo aliyense ku tchalitchi adzadziwa kuti munasoka nokha. Sokani kufupi ndi mphepete mwa mpindirowo kuzungulira, koma musiye kampata ka zala zitatu osasoka, makamaka pafupi ndi msoko wakumbuyo kuti pasamaoneke.

Lasitiki mudule wofupikirapo ndi masentimita 5 poyerekeza ndi chiuno chanu, koma poti malasitiki amasiyana mphamvu ndi bwino kumuzunguliza mchiuno kaye mumve ngati akugwira osapweteka. Bayani sefiti pini kumapeto kumodzi, kwinako mukubayire pa siketi ndi pini kuti kusathawire mkati, nde muzikankha sefiti pini ija mu kanjira mpaka itulukire mbali ina. Musanalumikize yendetsani zala kuzungulira konse kuona ngati lasitiki sanapotoke. Sanjikizani mapeto awiriwo masentimita 2, musoke kangapo mwamphamvu, valani muyese, ngati zili bwino tsekani kampata kaja. Kuti lasitiki asamadzapindike pochapa, gawani makwinya mofanana kenako musoke kamzere kakafupi kodutsa pa lasitiki kuchokera mmwamba kupita pansi, mbali zonse ziwiri za mchiuno ndi kumbuyo.

Ya mwana wamkazi ndi njira yomweyi, kungoti lasitiki wa masentimita 2 amakwana ndipo kanjira kake mupinde 3, komanso kumunsi siyani mpendero waukulu wa masentimita 6 kapena 8 woti mudzamasule akatalika, chitenje chimodzi chimatulutsa ziwiri za ana.