Mukafuna mtolankhani alembe nkhani ya kwanu

Ngati mjigo wa m'mudzi mwanu unafa kalekale kapena mlatho unakokoloka, ndipo mukufuna nkhaniyo imveke, musamutumizire mtolankhani voice note yaitali pa WhatsApp. Ambiri saimvera n'komwe.

Lembani mizere itatu basi: chachitika n'chiyani, kuti (mudzi, gulupu, T/A) komanso liti. Phatikizanipo chithunzi chimodzi chooneka bwino ndi nambala za anthu awiri amene avomera kulankhula, mwina amfumu ndi mayi wina amene akukatunga madzi kudambo. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa mtolankhani sangalembe popanda woyankhula, ndipo nthawi yoti azisakasaka anthu yekha alibe. Tumizani m'mawa isanakwane 9 koloko, pamene akukambirana ndi akonzi nkhani za tsikulo.

Yambirani pafupi. Atolankhani a MANA (Malawi News Agency, bungwe la boma lofalitsa nkhani) amapezeka ku ofesi ya zofalitsa nkhani pa boma, ndipo zomwe alemba amazitenganso a nyuzipepala ndi wailesi zina. Wailesi za m'madera nazo sizinyoza nkhani ya kumudzi.

Za chipondamthengo (ndalama yomupatsa mtolankhani) musayambe ndinu, zimangochepsa nkhani yanu. Mtolankhani akakhala chete masiku awiri, imbani kamodzi, kenako yesani wina.