Zisudzo, nyimbo ndi magule pasukulu: pezani nthawi ndi munthu, kenako pemphani ndalama

Nditafika pasukulu ina, mphunzitsi wamkulu ananditengera mu ofesi mwake kuti ndikaone mphatso imene anthu akufuna kwabwino anapatsa sukuluyo zaka zitatu m'mbuyomo. Anatsekula kabati. M'katimo munali malipenga anayi, magitala awiri ndi kiyibodi ili m'katoni yake. Ndinanyamula lipenga limodzi n'kuyesa kudina mabatani ake, koma anali atauma gwa, poti chibwerereni sanadonthezeredwepo mafuta. Gitala ina inatsala ndi nsambo zitatu. Nditafunsa kuti ana amaziimba liti zimenezi, bambowo anayankha mosabisa kuti mphunzitsi amene ankadziwa nyimbo anasamutsidwa, ndipo iwo amaopa kuzitulutsa kuti zingaonongeke. Zinandipweteka mtima, chifukwa panja pomwepo atsikana anali atapanga bwalo, akuomba m'manja ndi kuimba mogawana mawu bwinobwino popanda wowatsogolera.

Ndiye kwa inu aphunzitsi, a komiti ya sukulu ndi makolo amene mukufuna kuti ana aziphunzira zisudzo, kuimba, kuvina ndi kulakatula ndakatulo, malangizo anga oyamba ndi akuti kalata yopempha zipangizo idikire kaye. Choyamba pezani nthawi. Lembani pa ndandanda wa maphunziro piriyodi imodzi kapena ziwiri pa sabata, tsiku lodziwika, malo odziwika, ndipo mphunzitsi wamkulu asainire. Ntchito imene ilibe malo pa ndandanda ndi imene imayamba kufa mayeso akamayandikira, chifukwa mphunzitsi wa masamu akapempha ola loonjezera, amalanda lomwelo lopanda mwini.

Kenako pezani anthu, ndipo akhale awiri. Mmodzi akadwala kapena kusamutsidwa, gulu lisathe. Sikuti achite kukhala akatswiri. Ngati kudera kwanuko kuli woimba kapena wochita zisudzo waluso, muitaneni, koma azigwira ntchito limodzi ndi mphunzitsi wa pasukulupo, kuti iye akachoka luso litsale. Kukhala awiri kumatetezanso ana. Kuyeserera kuzichitika masana, pamalo oonekera, makolo adziwe nthawi yoweruka, ndipo munthu wamkulu asamatsale yekha ndi mwana mmodzi. Pamenepa musanyengerere munthu, ngakhale akhale wotchuka bwanji.

Ena amati, tiyamba bwanji opanda zida? Akatswiri awiri amene njira zawo zimaphunzitsidwa m'maiko ambiri anayankha kale funso limeneli. Zoltán Kodály wa ku Hungary ankaphunzitsa kuti chida choyamba cha mwana ndi mawu ake, ndipo aziyamba ndi nyimbo za m'chinenero chake. Carl Orff wa ku Germany ankayambitsa ana ndi kuomba m'manja, kuponda pansi ndi kumenya ntchafu motsatira kalankhulidwe. Zonsezi sizifuna kugula kanthu. Zisudzo nazo n'chimodzimodzi. Augusto Boal wa ku Brazil anakonza mtundu wa sewero umene oonera amatha kuliimitsa pakati, wina n'kulowa m'malo mwa munthu amene akuzunzika m'seweromo, n'kuyesa njira yake yothetsera vutolo. Yesani zimenezi m'kalasi. Ana anayi apange kasewero ka mphindi zisanu ka mwana amene anzake amamuseka chifukwa cha chibwibwi. Alibwereze kachiwiri, ndipo aliyense woonera akhale ndi ufulu wofuula kuti "Imani!" n'kulowa. Ine ndinaona mnyamata wina amene aphunzitsi ankati samatsekula pakamwa m'kalasi akudzuka kumbuyo, manja akunjenjemera, n'kukaima pakati pa wosekedwayo ndi omusekawo. Analankhula mawu ochepa chabe, koma kalasi yonse inangoti zii.

Mukayenda chonchi teremu imodzi, lembani zonse m'kope limodzi: tsiku, ana angati anabwera, anyamata angati, atsikana angati, munachita chiyani. Kope limeneli ndi limene lidzakupezereni ndalama. Wopereka thandizo amalandira makalata ambiri onena zimene sukulu ikulota kudzachita, koma ochepa ndi amene amaonetsa zimene zikuchitika kale. Ku Venezuela, José Antonio Abreu anayamba gulu loimba ndi zida mu 1975 ndi achinyamata 11 m'malo oimikamo magalimoto mumzinda wa Caracas. Boma linadzalowapo ndi ndalama zake gululo litayamba kale kumveka, ndipo ntchitoyo, yotchedwa El Sistema, inafalikira dziko lonse la Venezuela. Gustavo Dudamel, amene mu 2009 anayamba kutsogolera gulu lalikulu loimba ndi zida la ku America lotchedwa Los Angeles Philharmonic, anakulira m'menemo.

Tsopano za ndalamazo. Khomo loyamba kugogoda ndi la sukulu yanu yomwe. Pemphani kuti mu bajeti ya chaka mukhale mzere wa zaluso, ngakhale ndalamayo ikhale yochepa zedi. Wakunja akaona kuti eni ake aikapo kangachepe, amakhulupirira kuti ntchitoyo sidzatha iye akachoka. Mukatero pitani kwa makolo, kwa amene anaphunzira pasukulupo kale, kwa a bizinesi oyandikana nanu, ndipo pomaliza ku maofesi a boma oona za maphunziro ndi chikhalidwe komanso ku mabungwe. Musanalembe kalata, werengani bwino zimene bungwelo limathandiza ndi tsiku lotsekera kulandira makalata. Kutumiza kalata imodzimodzi kwa onse n'kutaya nthawi.

Pa bajeti yopempherayo m'pamene ambiri timalakwa, ndiye ndichedwepo pang'ono. Timalemba zinthu zooneka, monga malipenga, zokuzira mawu ndi zovala, n'kuiwala zimene zimadya ndalama mwezi ndi mwezi. Walira mvula walira matope. Gitala imafuna nsambo zatsopano. Lipenga limafuna mafuta. Ng'oma imang'ambika chikopa. Kiyibodi imafuna magetsi. Mlangizi wochokera kunja amafuna yoyendera ndi kangachepe ka thukuta lake, ndipo si bwino kuyembekezera kuti waluso azigwira ntchito yaulere chaka chonse pamene womanga mpanda wa sukulu timamulipira. Ana akaitanidwa kukapikisana kwina pamafunika galimoto. Zonsezi zilembedwe, chilichonse pa mzere wake, ndipo muonetse kuti chaka chachiwiri ndi chachitatu zidzalipiridwa ndi ndani. Wina akafuna kukupatsani zida zokha, m'pempheni mwaulemu kuti achepetseko zidazo, ndalama yotsalayo ipite kophunzitsa aphunzitsi awiri aja ndi kokonzetsera zikaonongeka. Magitala atatu amene akulira sabata iliyonse aposa khumi a m'kabati.

M'kalatamo nenani zoona zokhazokha. Musalonjeze kuti ana akayamba kuvina adzakhoza masamu, chifukwa simungathe kudzaonetsa umboni wake. Lonjezani zimene mungawerenge: ana angati, masabata angati, zionetsero zingati. Ngati mukufuna pomangira mfundo yanu, Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la 1989, mu ndime 31, limati mwana ali ndi ufulu wosewera ndi kutenga nawo mbali pa zachikhalidwe ndi zaluso. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linachititsanso misonkhano ya dziko lonse ya maphunziro a zaluso ku Lisbon mu 2006 ndi ku Seoul mu 2010, ndipo linapatula sabata yachinayi ya mwezi wa Meyi kuti ikhale yokumbukira maphunziro amenewa. Sabata imeneyo ndi yabwino kuchitiramo chionetsero n'kuitana amene mukufuna kuti akuthandizeni.

Ndalama zikabwera, zilowe mu akaunti ya sukulu, osati m'thumba kapena mu foni ya mphunzitsi, ngakhale akhale wokhulupirika. Osainira akhale awiri, malisiti asungidwe, ndipo lipoti lipite pa nthawi yake pamodzi ndi zithunzi zimene makolo avomereza.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa. Opereka ndalama ena amabwera ndi uthenga wawo, n'kufuna kuti sewero lililonse likhale lophunzitsa zimene iwo akufuna. Uthengawo ukhoza kukhala wabwino, koma ana akamangoloweza mawu a akuluakulu, kapena kumangotulutsidwa m'kalasi kukavinira alendo, saphunzira kupeka. Gwirizanani poyambirira kuti pa masewero a chakacho, limodzi likhale la ana eni, nkhani asankhe okha. Ndipo musamangotenga aluso khumi omwewo. Wamanyazi, wolumala, ndi amene mawu ake amasemphana ndi anzake, onsewo apatsidwe mbali. Wina akonze zovala, wina aziuza anzake nthawi yolowa, wina asunge kope lija ndi kiyi wa kabati, n'kumalemba dzina la aliyense wobwereka gitala ndi tsiku limene waibweza.