Musananyamule kamera, dziwani mwini malo

Anzanga amene mukuphunzira zojambula mafilimu, ine ndinataya masiku atatu chifukwa ndinkaganiza kuti kalata ya kusukulu ndi yokwanira. Kalata imeneyi imangochitira umboni kuti ndinu ophunzira, koma chilolezo chenicheni chimachokera kwa mwini malo.

Yambani mwafufuza kuti malowo ali m'manja mwa ndani. Msika wa m'tauni ndi wa khonsolo, komabe mukachoka ku ofesi kaonekereninso kwa woyang'anira msikawo ndi atsogoleri a mavenda, chifukwa iwowa ndi amene mudzakumane nawo tsiku lojambula. Ku Liwonde ndi ku Majete mupemphe kwa a African Parks, omwe amayendetsa nkhalangozi.

Kumudzi ndiye kofunika kudekha. Pitani kwa amfumu masiku akadalipo, pamodzi ndi munthu wa m'mudzimo, ndipo musapite chimanjamanja. Afotokozereni nkhani yonse ya filimuyo, musabise mbali ya maliro kapena ufiti ngati ilimo. Za kumanda funsani mosamala kwambiri: m'madera a Achewa kumeneko ndi kudambwe, ndipo akakana musakakamire.

M'kalata yanu yopempha chilolezo lembani tsiku, maola, chiwerengero cha anthu ndi zipangizo, muonjezere tsiku lina loti mudzajambule mvula ikakusokonezani. Sindikizani makalata awiri, ina akudindireni, muziyenda nayo. Mlonda wa Loweruka sadziwa zomwe munagwirizana ndi abwana ake Lachiwiri, ndipo pakamwa pokha sakutsegulirani geti.

Ngati mufilimumo muli ana, makolo awo asaine musanayatse kamera.