Momwe mungapezere inshulansi ya kuchipatala yotsika mtengo ya makolo kapena agogo okalamba

Ngati muli ndi mayi, bambo kapena agogo oti zaka zapita ndithu koma alibe inshulansi iliyonse ya kuchipatala, chonde musadikire tsiku loti agwe kubafa kapena BP iwakwere pakati pa usiku. Yambani kufufuza panopa akadali kuyenda okha, chifukwa inshulansi munthu ukalowa lero siyamba kukulipirira chilichonse mawa lomwe. Ndipo mukamayang'ana mtengo musamangoona ndalama ya pamwezi yokha, funso lalikulu ndi loti kodi matenda omwe akuluwo ali nawo kale, adzalipira?

Yambani ndi kukhala nawo pansi

Musanaimbire kampani iliyonse, khalani ndi mwini wakeyo mucheze bwinobwino. Achikulire ambiri amabisa matenda, mukafunsa amangoti "ndili bwino mwanangu, ndi ukalamba basi" kuopa kukuvutitsani, nde musafunse kamodzi n'kusiya. Apempheni akuonetseni kajumbo kawo ka mankhwala kaja. Mmenemo ndi momwe muli zoona zake, mupezamo mapilitsi a BP odulidwa pakati kuti akhalitse, botolo la mankhwala a m'maso lotha kalekale, kapepala ka dokotala koti abwerenso kukayezetsa shuga koma sanapiteko. Lembani zonse, dzina la mankhwala, amamwa kangati, matenda omwe anawapeza nawo ndi chaka chake, maopaleshoni akale. Kenako werengerani ndalama yomwe ikupita pamwezi pa mankhwala, kuyezetsa ndi thiransipoti. Nambala imeneyo muisunge, ndi yomwe muziyerekeza ndi mtengo wa inshulansi iliyonse yomwe akupatseni.

Kenako fufuzani zomwe boma limapereka

Anthu ambiri amathamangira ku makampani chonsecho dziko lomwe akuluwo akukhala lili ndi thandizo la okalamba lomwe sanalembetse. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America munthu akakwanitsa zaka 65 amatha kulowa inshulansi ya boma yotchedwa Medicare, koma akachedwa kulembetsa gawo lotchedwa Part B popanda chifukwa chovomerezeka, mtengo umakwera ndi 10 peresenti pa chaka chilichonse chomwe anachedwa. Ku Ghana anthu a zaka 70 kupita mtsogolo salipira ndalama ya pachaka ya inshulansi ya boma, koma amayenera kulembetsa ndithu kuti akhale ndi khadi. Nde pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena pa chipatala cha boma, mufunse kuti munthu wa zaka zakutizakuti ali ndi ufulu wolandira chani, ndipo mutenge chiphaso chawo chosonyeza zaka chifukwa popanda chimenecho akubwezani.

Kuntchito kwanu nako funsani. Masikimu ena a pantchito amalola kuika kholo ngati munthu wodalira inu, mumangoonjezera ndalama pang'ono, ndipo nthawi zambiri zimatchipa kusiyana ndi kuwagulira payekha chifukwa pagulu ndalama za anthu athanzi zimathandiza kulipirira odwala. Ngati akuluwo anagwirapo ntchito ya penshoni funsaninso kumeneko, komanso ku mabungwe a opuma pantchito, ku mpingo kapena kopaletivi yomwe ali membala.

Pofika ku makampani, apa ndi pofunika kudekha

Pezani mitengo kuchokera ku makampani angapo, osati imodzi yokha, ndipo onse muwafunse mafunso ofanana. Loyamba, amalandira munthu watsopano mpaka zaka zingati? Ena amatseka chitseko pa zaka 60 kapena 65, ena amalandira koma ndi chilango cha mtengo. Ku South Africa mwachitsanzo lamulo sililola sikimu ya kuchipatala (medical scheme) kukana munthu chifukwa cha ukalamba, koma amene walowa mochedwa atapitirira zaka 35 atha kumuonjezera mtengo mpaka 75 peresenti kutengera zaka zomwe anakhala opanda sikimu.

Lachiwiri ndi nthawi yodikira, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amalirira. Mumalipira mwezi ndi mwezi koma kwa miyezi ingapo yoyamba sangakulipirireni, ndipo pa matenda omwe munthu wabwera nawo kale nthawiyo imakhala yaitali, ku South Africa komweko itha kufika miyezi 3 pa zonse ndi miyezi 12 pa matenda akale. Kwina matenda akale amangowachotseratu osadzalipira mpaka kalekale. Tsono taganizani, agogo ali ndi shuga ndi BP, inu mwagula yotchipa ija yomwe yachotsa shuga ndi BP, tsiku lomwe agwidwe sitiroko kampani ikuuzani kuti yabwera chifukwa cha BP yakale ndipo bilu yonse ndi yanu. Ndalama zonse munkalipira zija zapita pachabe. Kwa ine bola kulipira zochulukirapo pang'ono koma matenda awo enieni alimo.

Funsaninso malire a ndalama yomwe angalipire pachaka, gawo lomwe inuyo muzilipira m'thumba nthawi iliyonse akapita kuchipatala, ngati mankhwala a mwezi ndi mwezi alimo, komanso zinthu zomwe okalamba amakumana nazo kwambiri monga opaleshoni ya ng'ala, prostate, dialysis (kusefa magazi ndi makina impso zikafooka), khansa ndi mafupa othyoka. Onani mndandanda wa zipatala zomwe amagwira nazo ntchito, khadi lake lilibe phindu ngati chipatala chovomerezeka chili kutali koti munthu wodwala miyendo sangafikeko. Ndipo mtengo udzakwera bwanji akadzafika zaka 70 kapena 75? Mayankho onsewa akupatseni olembedwa papepala kapena pa imelo. Zapakamwa za ajenti musadalire, iye amadya komishoni mukasaina.

Pa fomu nenani zoona

Ndikudziwa chiyeso chimakhalapo choti tisalembe za shuga kuti mtengo utsike, mwinanso wina akunong'onezani kuti sangadziwe. Amadziwa. Bilu yaikulu ikabwera amaitanitsa mafayilo a kuchipatala, akapeza kuti munabisa amakana kulipira ndipo atha kuthetsa inshulansi yonse, nthawi yomwe akuluwo ali gone pabedi. Lembani zonse, fomuyo muwawerengere m'chilankhulo chomwe amamva asanasaine.

Nanga ndalama zikakanika?

Musataye mtima. Tengani yomwe imalipira kugonekedwa m'chipatala ndi maopaleshoni okha, chifukwa mabilu ogwetsa banja ndi amenewo, kenako mankhwala a tsiku ndi tsiku muzigula nokha kapena kukalandira ku chipatala cha boma. Pemphani dokotala alembe mankhwala a generic, omwe ndi mankhwala omwewo koma opanda dzina la kampani yotchuka, mphamvu yake ndi yomweyo koma mtengo ndi wotsika. Chenjerani ndi mainshulansi ena omwe amangopereka kandalama pa tsiku lililonse lomwe munthu wagona m'chipatala, amenewo salipira bilu ya chipatala, ndipo inshulansi ya maliro nayo ndi nkhani ina. Musanapereke ndalama onetsetsani kuti kampaniyo inalembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira za inshulansi.

Chomaliza, mugwirizane pachibale

Nkhani iyi isagwere mwana mmodzi. Itanani abale anu, kaya pa gulu la WhatsApp, muike mtengo poyera aliyense anene zomwe angakwanitse pamwezi, koma wolipira ku kampani akhale mmodzi ndipo ndalama izichoka yokha kubanki tsiku loikika. Mukadumphitsa miyezi inshulansi imatha, ndipo polowanso atha kukuyambitsani nthawi yodikira ija kuchokera pachiyambi kapena kukana kuti zaka zapitirira. Khadi likatuluka lizikhala ndi mwini wake, munthu yemwe amakhala nawo pakhomo akhale ndi chithunzi chake mufoni pamodzi ndi nambala yoimba kupempha chilolezo asanagonekedwe, chifukwa makampani ambiri amafuna muwadziwitse kaye pokhapokha ikhale ngozi yadzidzidzi. Malisiti onse muzisunga mu envelopu imodzi, ndipo mufunsiretu kuti muli ndi masiku angati oti mukawapereke kuti akubwezereni ndalama.