Antena imodzi yokoka FM yonse: sankhani paipi yonenepa

Ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano anthu amafuna kumva Rádio Moçambique ya ku Tete komanso mawailesi a ku Malawi, koma masiteshoniwa anamwazikana kuyambira pa 87.5 mpaka 108 MHz (MHz imodzi ndi mafunde a wailesi miliyoni imodzi pa sekondi). Kawaya kowonda kamakoka bwino pamalo amodzi, kwinako n'kumangomveka phokoso.

Yambani ndi muyeso. Mukagawa 300 ndi nambala ya MHz mupeza kutalika kwa funde m'mamita: pa 88 ndi 3.41, pa 108 ndi 2.78. Tengani pakati, pa 98, pomwe funde ndi mamita 3.06. Antena iyenera kuchepera pang'ono theka la pamenepo, choncho dulani mapaipi awiri a aluminiyamu, iliyonse masentimita 71, yonenepa mamilimita 20 kapena 25. Amangeni molunjikana pa kathabwa ka pulasitiki, pakati pakhale mpata wa masentimita 2.

Funde likafika, mphamvu yake ya magetsi imakankha karenti m'mapaipi, uku ndi uku, ka 98 miliyoni pa sekondi. Karentiyo imachuluka pakati, kunsonga n'kutheratu. Komanso siyenda m'kati mwa chitsulo, imangodutsa pakhungu, m'kagawo kosakwana 0.01 ya milimita. N'chifukwa chake paipi ya mphako imagwira ntchito mofanana ndi ndodo yodzaza. Ubwino wa yonenepa ndi wakuti ma ohm ake (muyeso wa mmene antena imakanizira karenti) sasintha msanga mukachoka pa 98, motero masiteshoni a kumapeto samwalira.

Pakati pa antenayo, polumikiza chingwe, ndiye musamale kwambiri. Antena yotereyi imakhala ndi ma ohm pafupifupi 73, oyenerana ndi chingwe cha TV cha RG-6 cha ma ohm 75. Waya wapakati wa chingwecho apite ku paipi imodzi, ukonde wakunja ku inayo. Palani aluminiyamu ndi sandipepa mpaka iwale, mangani zolimba ndi mabawuti osachita dzimbiri, kenaka matani ndi silikoni. Kopa ndi aluminiyamu zikakumana ndi chinyezi zimadyana, pamatuluka kaufa koyera, ndipo zimenezi zimachitika pomwe karenti yachuluka. Madzi akalowa m'chingwe, chimenecho chatha, gulani china.

Pafupi ndi antena pomwepo kulungani chingwe kanayi, bwalo la masentimita 7 kukula kwake, n'kumanga ndi tepi. Mukapanda kutero karenti imatsetsereka kunja kwa ukonde, chingwe n'kumatola phokoso la matchaja ndi mainiveta a sola m'nyumba.

Malata amabweza funde. Antena yogonekedwa pafupi nawo imafooka, ndiye ikwezeni masentimita 75 kapena kuposa. Yogona imamva cham'mbali, kumene nsonga zaloza simva bwino. Yesani kuimiritsa, chingwe chichoke chopingasa kwa mita imodzi, mumve kusiyana. Ikhale kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo nyengo ya dzinja kukayamba kung'anima zulani chingwe ku wailesi.