Mmene Mungadziwire Ngati Mfuti Yakale Yosinthika Mipope Ili Yoyenera Kugula

Mfuti ya mtundu wa revolver, imene imasunga zipolopolo mu silinda yozungulira, kawirikawiri imakhala ndi mpope umodzi womangidwiratu kufakitale, moti kuuchotsa ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti. Pali mtundu wina umene mwini wake amatha kumasula mpope wautali n'kuikapo waufupi m'mphindi zochepa chabe, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa kampani ya Dan Wesson, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1968 ku America, ndipo kwa zaka zambiri inkapangira mfuti zake ku Monson, m'chigawo cha Massachusetts. Mfuti zimenezi zimapezeka zambiri m'manja mwa anthu ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wogula akaona bokosi lokhala ndi mipope inayi, mtima wake umathamangira pa mipopeyo. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwayang'ana thupi la mfutiyo, kutanthauza chitsulo chachikulu chimene mpope ndi silinda zimamangidwapo, chifukwa mpope wowonongeka mungathe kuupezera wina, pamene thupi lowonongeka limachititsa kuti mipope yonse ikhale yopanda ntchito.

Musanagwire china chilichonse, tsekulani silinda ndi kuona ndi maso anu kuti mabowo onse alibe chipolopolo, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti wachotsa kale, ndipo pa nthawi yonse imene mukuyendera mfutiyo musailozetse kwa munthu. Onaninso nambala yosindikizidwa pa thupi lake kuti ikuwerengeka bwino ndiponso ikufanana ndi imene ili pa mapepala. Mfuti ya nambala yofutidwa kapena yopanda mapepala oyenera isiyeni pomwepo ngakhale itatsika mtengo motani, ndipo zonse zokhudza chiphaso ndi kusintha umwini zitsate malamulo a dziko limene mukukhala.

Kuti muyendere bwino, muyenera kumvetsa mmene mpope umamangidwira. Mpope weniweni ndi kapaipi kowonda kokhala ndi mazinga kumapeto konse kuwiri. Mbali imodzi imapotedwa kulowa m'thupi la mfuti, kenako kunja kwake kumavekedwa chimake chachitsulo chimene chimanyamula kachitsulo kakutsogolo koyang'anirapo polunjika, ndipo pamapeto pake nati imamangidwa kukamwa kwa mpope. Natiyo ikamangika imakoka mpope kuti ukhale wokungika mbali zonse ziwiri, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mfutizi zinatchukira pakati pa anthu a mpikisano wowombera zitsulo zoimikidwa patali. Koma kamangidwe komweka ndi kamene kamapereka mpata woti mwini wosasamala awononge zinthu. Pemphani wogulitsa kuti amasule mpope inu mukuona. Mpope wabwino, nati ikangochoka, umatuluka pongoupota ndi zala, mosakakamira ndiponso mosagwedera. Ukamalimba pakati pa njira, kapena mukaona tizidutswa tachitsulo tonyezimira m'mazinga a thupi la mfuti, dziwani kuti wina anaulowetsapo mopendeketsa n'kuukakamiza. Yang'ananinso nkhope ya nati. Ili ndi timipata tolowamo sipanala yake yapadera, ndipo timipatato tikakhala tophwanyika m'mbali, ndi umboni wakuti inkamasulidwa ndi chitsulo chosayenera. Nati yokha si yovuta kusintha, komabe imakuuzani mtundu wa dzanja limene linkasunga mfutiyo.

Pakati pa silinda ndi kumbuyo kwa mpope pamakhala kampata kakang'ono kwambiri, kamene pa mfuti zina kamaikidwa kufakitale koma pa mfuti iyi kamaikidwa ndi mwini wake nthawi iliyonse akasintha mpope. Pa mtundu wa mfuti ya Dan Wesson wotchedwa Model 15-2, wa zipolopolo za .357 Magnum, kampatako kamayenera kukhala mainchesi 0.006, omwe ndi pafupifupi mamilimita 0.15, ndipo kamayezedwa ndi kachitsulo kopyapyala kamene kankabwera pamodzi ndi mfutiyo. Kakachepa, silinda imayamba kukhula mpope ikangotentha kapena kuda ndi mwaye wa wonga, ndipo kakakula, moto ndi tizinyenyeswa zimatulukira m'mbali mochuluka. Yezani pa bowo lililonse mwa mabowo asanu ndi limodzi, osati pa limodzi lokha, popeza kusiyana kwakukulu pakati pa mabowowo kumasonyeza kuti nkhope ya silinda siinawongoke kapena mkono wonyamula silinda unapindika. Kenako kankhirani silinda kutsogolo ndi kumbuyo. Kusuntha kumene chala chimangokumva pang'ono n'kwachibadwa, koma kumene diso likukuona bwinobwino kukutanthauza kuti mfutiyo yawombera zipolopolo zamphamvu zambiri.

Chotsatira ndi kuona ngati silinda ikuima pa nthawi yake. Kokani hamala, kachitsulo ka kumbuyo kwa mfuti kamene kamagwa kuti chipolopolo chiphulike, pang'onopang'ono ndithu, mukutchera khutu. Muyenera kumva kachitsulo kogwira silinda kakulowa m'malo mwake hamala isanafike pomalizira. Ngati hamala yafika koma silinda ikufunika kuikankhako ndi chala kuti igwire, ndiye kuti bowo la chipolopolo silikulunjika ndi mpope, ndipo mfuti yotere siyenera kuwomberedwa mpaka mmisiri ataikonza. Chitani zimenezi pa mabowo onse. Hamala ili chikokere, ikankheni pang'ono ndi chala chachikulu osakhudza chowombera (kachitsulo kokoka ndi chala powombera), ndipo isagwe. Ikagwa, kawirikawiri ndiye kuti wina anapala zitsulo za m'kati pofuna kufewetsa chowombera, ndipo ine mfuti yotere sindingaitenge pokhapokha nditatsimikiza kuti zitsulo zatsopano zilipo. Pali kanthu kena kamene kamasokoneza ogula ambiri: chogwirira cha mfutizi chimamangidwa ndi sikuluu imodzi yolowera pansi, ndipo ikalowa mopitirira imatha kutchinga hamala kuti isakokeke mpaka kumapeto. Vuto limenelo ndi laling'ono, choncho musanaweruze, onani kaye sikuluuyo.

Mukatha apo, unikani m'kati mwa mpope uliwonse ndi tochi. Dzimbiri lodya chitsulo ndiponso mzere wakuda wozungulira, umene umasonyeza kuti mpope unatupa, ndi zifukwa zokanira mpopewo. Yang'anitsitsani kumbuyo kwake, polowera chipolopolo, ngati pali ming'alu. Mphete za mwaye m'mabowo a silinda nthawi zambiri zimabwera chifukwa chowombera zipolopolo zazifupi za .38 Special, zimene mfuti ya .357 Magnum imalandira, ndipo zimachoka potsuka.

Tsopano mungathe kuwerengera za m'bokosi. Bokosi lokwanira la kampani ya Dan Wesson, lotchedwa Pistol Pac, kawirikawiri linkakhala ndi mipope ya mainchesi 2.5, 4, 6 ndi 8, uliwonse ndi chimake chake, pamodzi ndi sipanala ndi kachitsulo koyezera kaja. Funsani kuti mpope uliwonse umangidwe pa mfutiyo inu mukuona, chifukwa ogulitsa ena amasonkhanitsa zida za mfuti zosiyana mosadziwa: mipope ya mfuti za thupi lalikulu, monga za .44 Magnum, siilowa pa za thupi laling'ono, ndipo zimake za mitundu yoyambirira ndi zosiyana ndi za Model 15-2. Kumbukiraninso kuti chimene chimasinthika ndi kutalika kwa mpope, osati kukula kwa chipolopolo, chifukwa kukulako kumayenderana ndi silinda.

Funso lotsala ndi la inu mwini. Ngati mukudziwa kuti mudzangogwiritsa ntchito mpope umodzi, palibe chifukwa cholipirira inayi, ndipo mfuti ya mpope umodzi yokhala ndi thupi labwino ndi sipanala yake idzakukwanirani. Ngati mumafunadi wautali wa mpikisano ndi wapakati wophunzirira, bokosi lokwanira limakhala lopindulitsa kuposa kufunafuna mpope ndi chimake chimodzichimodzi pambuyo pake. Kampani ya Dan Wesson inasamukira ku Palmer, m'chigawo chomwecho cha Massachusetts, kenako ku Norwich m'chigawo cha New York, ndipo inagulidwa ndi kampani ina ya mfuti yotchedwa CZ-USA mu 2005, choncho musanapereke ndalama funsani mmisiri wa mfuti ngati zitsulo za mtundu umene mukufunawo zikupezeka, ndipo ngati wogulitsa akulola, mmisiriyo aiyendere yekha mfutiyo musanamalize mgwirizano.