Momwe mudzi ungagwirire ntchito ndi bungwe kuti chitukuko chisafe bungwelo likachoka

Kwathu kuli mjigo umene bungwe lina linakumba, ndipo unatithandiza bwino kwa zaka zitatu. Tsiku lina m'mamawa amayi anapopa mpaka thukuta kamukamu, madzi osatuluka. Chimene chinatha ndi kamphira kakang'ono ka m'kati mwa mpope, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa nkhuku imodzi. Koma mjigowo unakhala chiimire miyezi 8, amayi akutunga madzi otuwa kudambo, chifukwa aliyense ankangoti, "Eni ake abwera adzakonza." Eni akewo anali atatseka ofesi yawo paboma kalekale.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mabungwe omwe si aboma amagwira ntchito ndi ndalama zimene apatsidwa kwa nthawi yoikika, kawirikawiri zaka zitatu kapena zisanu, ndipo nthawiyo ikatha galimoto zawo zimasiya kubwera. Ine mabungwewa ndimawayamikira, chifukwa madzi, midadada ya sukulu ndi mbewu zimene afikitsa m'midzi yathu n'zosawerengeka. Koma mudzi umene sukonzekera tsiku lotsanzikana umatsala ndi chikwangwani chokha. Nazi njira zimene mafumu, makomiti ndi anthu wamba angatsate.

Choyamba: gwirizanani chimene mukufuna bungwe lisanabwere

Kuyambira 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. Kwa a gulupu kuli komiti ya chitukuko cha m'midzi, ya VDC, kwa mfumu yayikulu kuli komiti ya chitukuko cha dera lonse, ya ADC, ndipo zofuna za midzi zimakwera kudzera m'makomitiwa mpaka kukalowa m'dongosolo la chitukuko la khonsolo. Choncho a gulupu aitanitse msonkhano, anthu atchule mavuto awo, kenako muwaike m'ndondomeko kuyambira lalikulu. Amayi akambirane paokha kaye, achinyamata paokhanso, chifukwa pa bwalo la onse amene amayankhula ndi abambo omwewo. Mudzadabwa kuona abambo akufuna mlatho pamene amayi akulira madzi.

Zimene mwagwirizana mlembi wa VDC azilembe, kalata ina ipite ku ADC, ina isungidwe kwa a gulupu. Mudzi umene uli ndi pepala lotere sumangovomera chilichonse. Bungwe likabwera ndi mbaula pamene inu mukusowa madzi, mungathe kulandira mbaulazo mwaulemu n'kuwauza kuti, "Koma vuto lathu loyamba ndi ili."

Chachiwiri: fufuzani kuti bungweli ndi ndani

Bungwe lililonse loona liyenera kukhala lolembetsedwa. Lamulo loyendetsera mabungwe linasinthidwa mu 2022, ndipo tsopano amene amalembetsa ndi kuyang'anira mabungwewa ndi bungwe la boma la NGORA, pamene CONGOMA ndi mgwirizano wa mabungwe eni ake. Paboma, bungwe limayenera kuyamba lafotokoza ntchito yake ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma, ya DEC, lisanatsikire kwa mfumu. Tumani wapampando wa VDC kapena khansala wanu akafunse ku ofesi ya DC ngati akulidziwa.

Ndipo gwiritsitsani ichi: munthu akabwera n'kunena kuti aliyense apereke kangachepe kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa olandira thandizo, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atavala malaya olembedwa dzina la bungwe. Anthu otere amachuluka nthawi ya njala ndi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, pamene munthu wataya zonse ndipo akugwira chilichonse chimene chayandama.

Chachitatu: pa msonkhano woyamba, funsani tsiku lochoka

Ife Amalawi timachita manyazi kufunsa mlendo kuti abwerera liti. Pa nkhani iyi manyazi atayeni. Funsani kuti ntchitoyi ikutha chaka chanji ndi mwezi wanji, bungwe libweretsa chiyani, mudzi upereka chiyani, ndipo chinthu chikawonongeka iwo atapita mudzathamangira kwa yani. Ngati gawo lanu ndi njerwa, mchenga, miyala ndi madzi, zitchulidwe poyera ndipo zilembedwe, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti bungwe likutigwiritsa thangata.

Funso lina limene anthu amaiwala ndi la zipangizo. Mijigo yambiri m'dziko muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ubwino wake ndi wakuti anthu a m'mudzi atha kuimasula okha ndi sipanala, n'kutulutsa zitsulo zake popanda makina, zosinthira zake n'kukagula m'masitolo a m'dziko momwemuno. Yerekezani ndi mipope ya PlayPump, ija inkapopa madzi ana akamazungulira ngati akusewera. Inatchuka kwambiri kunja, inaikidwa m'sukulu zina kuno ndi ku Mozambique, koma ana akatopa kapena akakhala m'kalasi, amayi ndi amene ankavutika kuizunguza, ndipo ikawonongeka a m'mudzi sankatha kuikonza. Chinthu chikhoza kukhala chokongola pa chithunzi koma chosayenera kwanu. Ngati akuti aika mpope woyendera dzuwa, funsani kuti amene amakonza ali kuti, ndipo ndalama zokonzera adzalipira ndani.

Chachinayi: sankhani komiti ndi opindula pa bwalo

Apa ndi pamene midzi yambiri imagawanika. Komiti isankhidwe ndi anthu pokweza manja kapena kuima kumbuyo kwa munthu, osati kutchulidwa usiku kunyumba kwa mfumu. Mfumu ikhale pamwamba monga woweruza, isalowe m'komiti, chifukwa msungichuma akadya ndalama mudzafuna kokadandaula. Pa komiti ya mjigo amayi achuluke, poti ndi iwo amayamba kumva chogwirira chikayamba kugwedera. Pewaninso kusankha mnyamata amene mtima wake uli kale ku Joni. Luso adzapita nalo.

Ngati thandizo ndi la anthu owerengeka, monga mbuzi zopatsirana kapena mbewu, mfundo zosankhira zinenedwe mayina asanatchulidwe, ndipo mayinawo awerengedwe mokweza. Pa mbuzi, mndandanda wa amene adzapatsidwe ana a mbuzizo ulembedwe tsiku lomwelo, kuti woyembekezera akhale diso pa khola la mnzake. Aliyense wopempha ndalama kapena thupi la mayi kapena mtsikana kuti amulembe dzina wapalamula mlandu. Kaneneni ku polisi, ku ofesi yosamalira anthu paboma, ndi kwa akuluakulu a bungwelo.

Chachisanu: yambani thumba lokonzera chinthu chikadali chatsopano

Mfundo iyi ndiyo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndiyo inatigwetsa ife. Madzi akamatuluka bwino, munthu saona chifukwa chosonkhera. Koma mphira za mpope zimatha ngakhale mjigo ukusamalidwa, monga matayala a njinga. Gwirizanani kuti banja lililonse lizipereka zingati pa mwezi. Amene alibe ndalama apereke chimanga nthawi yokolola, komiti idzagulitse. Nkhalamba ndi ana amasiye odzilera okha akhululukidwe poyera, kuti pasakhale miseche. Mlembi akhale ndi kope, ndipo miyezi itatu iliyonse aziwerenga pa msonkhano zimene zalowa ndi zimene zatuluka, msungichuma n'kuonetsa ndalamazo anthu akuona ndi maso.

Musasunge ndalama zambiri m'thumba la munthu mmodzi. Kukagwa maliro kapena matenda amabwereka ndi mtima wabwino, koma kubweza kumavuta, komanso kwacha ikagwa mphamvu, monga inachitira mu November 2023, ndalama zosungidwa zija sizigulanso zimene zikanagula. Njira yabwino ndi kugulirathu zosinthira zimene zimatha msanga n'kuzisunga pamalo ouma.

Zotsala mukhoza kuzizunguliza mu banki mkhonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo ine ndimaiona ngati chitsanzo cha thandizo lenileni, chifukwa bungwe limangophunzitsa, ndalama zonse n'za eni ake. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25. Pa msonkhano uliwonse munthu amagula masheya kuyambira limodzi mpaka 5, ndipo amabwereka zosapitirira katatu pa zimene wasunga. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo lili ndi wachinayi, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakumane. Pakatha pafupifupi chaka amagawana. Ngati thumba la mjigo lilowa m'gulu lotere, gwirizanani kuti gawo lina lizikhala m'bokosi nthawi zonse, chifukwa mpope suyembekezera tsiku logawana.

Chachisanu ndi chimodzi: kumaphunziro tumizani ofuna luso

Nkhani ya alawansi yatiwononga. Kukamveka kuti kuli maphunziro paboma, amapita ndi amene ali pafupi ndi mfumu, n'kubwerako ndi envulopu ndi malaya, luso ayi. Tumizani anthu amene adzagwiredi sipanala, osachepera atatu, ndipo akabwerako amasule mjigo anthu akuonerera, bungwe likadalipo kuti liwakonze polakwika. Pemphaninso bungwe likudziwitseni kwa mekaniki wa mijigo wa m'dera lanu, mutenge nambala yake, mugwirizane mtengo.

Alangizi a boma musawasiye kunja. Mlangizi wa zaumoyo, wa zaulimi ndi wa chitukuko cha m'midzi ndi amene adzatsale nanu. Ngati bungwe likuchita misonkhano popanda iwo, funsani chifukwa chake, ndipo inuyo aitaneni.

Chomaliza: musavine musanayendere ntchito

Tsiku lopereka ntchito m'manja mwa mudzi limakhala la nyimbo ndi nthungululu, koma komiti iyendere kaye ntchitoyo kutatsala mlungu umodzi. Popani mjigo kwa nthawi yaitali muone ngati madzi sakuduka, ndipo funsani kuti unakumbidwa mamita angati, chifukwa mjigo wosazama umapusitsa nthawi ya dzinja n'kudzauma mu October. Onani simenti ya pansi ngati siyinang'aluke, ndi ngalande ngati ikutaya madzi kutali. Funsani ngati madziwo anayezedwa, makamaka ku Chigwa cha Shire kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Chimene sichili bwino chilembedwe, bungwe liuze kontilakitala abwerere lisanamumalize malipiro.

Kenako landirani mapepala: kuzama kwa mjigo, kuchuluka kwa mapaipi, zotsatira za kuyeza madzi, ndi kalata yosonyeza mwini malo pamene chitukukocho chaima. Kalata ya malo isayinidwe ndi banja limene linapereka malowo pamodzi ndi mfumu, chifukwa wopereka akadzamwalira adzukulu amatha kumanga mpanda n'kuyamba kulipiritsa madzi. Mapepalawa ajambulitseni katatu, ena kwa mlembi wa komiti, ena kwa a gulupu, ena ku ofesi ya zamadzi kukhonsolo.